Zala Zanga Zitatu Zili kwa Apongozi

Lolemba, 3 Febuluwale

Andigoneka mu wodi ya amayi, bedi lachinayi kuchokera pakhomo. Mabedi alipo asanu ndi atatu, mawindo awiri, limodzi losweka. Shuga: 412. Insulini: mayunitsi 18 m'mawa, 14 madzulo.

Ndine Tafida, wa zaka 74. Ndinaphunzitsa masamu pa sukulu ya atsikana kuno ku Sohag mpaka kupuma, ndipo sindikhulupirira chinthu chimene sindinachiwerenge ndekha. Ndiye ndiyambe ndi zimene ndili nazo. Maso awiri, limodzi lachita nkhungu. Impso ziwiri, zonse zotopa. Mwana mmodzi, Mahrous, woyendetsa lole ya simenti, wa mutu wouma ngati mphero. Zala za kumapazi zisanu ndi ziwiri. Zitatu za phazi lamanzere anadula m'chipatala chomwe chino, chimodzichimodzi, ngati wakuba wothyola chimanga m'munda wa eni. Ziwiri zotsala pa phazilo zada bii, ndipo kudako kwafika mu akakolo.

Ndamuuza Mahrous pakhomo anthu akumva kuti mpeni sundikhudzanso. Zimene zatsala ndipita nazo ndekha kwathu ku Akhmim, tsidya lina la mtsinje, ndikagone pambali pa mayi anga. Iye wati, "Amayi, tsekani pakamwa, mukundichititsa manyazi." Ndamumenya ndi ndodo pamsongolo.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Shuga: 380.

Atsuka bala. Amatero iwo, kutsuka. Chimene amachita n'kumeta nyama yowola ndi lumo mpaka magazi ofiira atuluke. Anandipatsa mapanado awiri, kenaka anthu awiri anandipana mapewa. Ndinawerenga kudula kwa lumolo mpaka 23, kenaka mwendo wanga wabwino unadzichitira wokha. Thireyi inagubuduzika mpaka pansi pa bedi lachisanu ndi chimodzi.

Nesi Demiana, mtsikana wa kamtanda kolembedwa pamkono, anatola zitsulo akuti, "Agogo, mutiphera adokotala, tili nawo ochepa kale."

Pabedi la pakhomo pali Zakeya, wogulitsa nsomba zamchere pamsika. Anamudula mwendo wamanja pamwamba pa bondo mwezi watha. Anandikuwira: "Aphunzitsi, lirani mokweza! Kuno kulibe wopereka malikisi a ulemu. Ine ndinatukwana dokotala, mayi ake, ndi mzamba amene anamulandira."

Sindinalire. Ndinadziluma lilime, ndipo madzulo msuzi wa mphodza unandiwawa.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Shuga: 355. Mkodzo wa tsiku lonse: makapu awiri. Chaka chatha unkakwana asanu ndi limodzi. Phazi layamba kununkha. Alendo a mabedi ena akumaika mipango pamphuno n'kumanamizira chimfine.

Kunabwera ophunzira anga akale atatu, azimayi onenepa tsopano, atanyamula thireyi ya basbusa, keke yonyezimira ndi manyuchi. Asanaitule n'komwe, Mahrous analowa. Kuyambira tsiku limene anandipeza ndi shuga, mwana ameneyu ndiye wapolisi wa pakamwa panga. Anakhuthulirapo thumba lonse la shuga m'ngalande ine ndikuona. Lero analanda thireyi n'kuiponya kukhoma.

"Mwabwera kudzawaona kapena kudzawamaliza? Tulukani!"

Anathawa, mmodzi anasiya nsapato. Basbusa inkatsetsereka pakhoma pang'onopang'ono. Zakeya anakokera chidutswa ndi ndodo yake yoyendera, n'kuchifufuta fumbi, n'kudya.

"Mwataya kale mwendo umodzi, mayi inu," anatero Mahrous.

"Adule zonse, mwananga, bola andisiyire lilime."

Loweruka, 8 Febuluwale

Shuga: 390. Kutentha thupi: 38.4.

Dokotala wamkulu wa opaleshoni anadutsa ndi ophunzira asanu ndi mmodzi. Anavundukula phazi, anakanikiza bondo, anauza ophunzirawo zinthu zambiri, ine anangondiuza kuti, "Mulungu akalola mukhala bwino, mayi." Kenaka anakodola Mahrous, n'kupita naye pakhonde. Ndi mmene timachitira. Wodwala sauzidwa, amauzidwa mwana wamwamuna. Nanenso ndinkaona ngati ndi chifundo, mpaka lero pamene mwendo wake ndi wanga.

Koma anaiwala kuti bedi la Zakeya lili pakhomo. Atangochoka anandiyang'ana, ndipo sanaseke.

"Aphunzitsi, mukufuna zokazinga kapena zaziwisi?"

"Zaziwisi."

"Adula pamwamba pa bondo Lachiwiri. Akuti mtima wanu wafooka kwambiri. Mwa amayi awiri onga inu olowa ku fiyeta, mmodzi satuluka. Mukatuluka, ndiye makina a impso katatu pa mlungu mpaka imfa. Akapanda kudula, ndi milungu chabe. Mwana wanu wasaina. Wati akuuzeni kuti akukangotsuka bala."

Ndinamuthokoza. Masamu ake si ovuta. Ovuta ndi akuti mwana amene ndinamuyamwitsa wandigulitsa ndi cholembera chimene ndinamuphunzitsa kugwira.

Lamlungu, 9 Febuluwale

Zakeya wakuwa m'mawa wonse kuti chidendene cha mwendo umene kulibe chikumubaya. Mwamuna wake atabwera anamugenda ndi kapu.

"Mwendo wanga unauika m'manda wopindika, galu iwe! Ndinakuuza uuwongole! Pita ukafukule, uugoneke bwino!"

Demiana anafotokoza kuti ndi mitsempha imene sinaiwale, n'kumupatsa piritsi. Zakeya anameza piritsilo koma mwamunayo anamutumabe kumanda.

Apo m'pamene ndinadzifunsa funso limene mphunzitsi wa masamu akanayenera kufunsa kalekale. Chiwalo cha munthu sichitayidwa ngati zinyalala. Chimakulungidwa mu nsalu yoyera n'kukaikidwa. Nanga zala zanga zitatu zinapita kuti?

Mahrous atabwera ndi msuzi wa denje ndinamufunsa. Anayang'ana kudenga.

"Kumene ziyenera kukhala, amayi."

"Kuti, bulu iwe?"

"Kumudzi. Kumanda a bambo."

Manda a kwawo kwa malemu mwamuna wanga Abdel-Sabour ali ngati a banja lililonse kuno: masitepe otsikira pansi, chipinda cha amuna ndi chipinda cha akazi. M'chipinda cha akazimo mwagona apongozi anga, Nabawiya. Abdel-Sabour anandithyola nthiti zinayi pa zaka za ukwati wathu. Nthawi iliyonse Nabawiya ndiye ankaima pachitseko kuti ndisathawe. Chipsera cha pamkono wanga wamanja ndi cha chitsulo chake chotulutsira buledi mu uvuni. Anandiwotcha chifukwa ndinakana kusiya ntchito.

Ndiye zala zanga zakhala ndi mayi ameneyo m'chipinda chimodzi, mumdima, chitseko chotseka. N'chifukwa chake zimandiluma ngakhale kulibe. Akuziponda.

Denje ndinalikhuthulira pamalaya a Mahrous.

Lolemba, 10 Febuluwale

Shuga: 401. Kutentha: 38.9. Kudako kwakwera zala zinayi pamwamba pa akakolo. Ndayeza ndi dzanja langa.

Alendo: 14. Mlungu watha onse pamodzi anali asanu. Munthu akayamba kuona abale amene sanawaone chiikireni mwamuna wake, safunanso dokotala womuuza.

Womaliza anali mlamu wanga Fathi, mng'ono wa Abdel-Sabour, ndi nduwira yake ndi chibonga chake. Anakhala pabedi langa osapempha.

"Alamu, tamva zoti mukukamba za Akhmim. Mkazi wa m'banja lathu sagona kwa eni. Anthu adzati tinakukanani."

"Munandikana ndili moyo. Mukufuna mtembo wanga wa chiyani?"

"Zala zanu zili kale kwathu. Mawa mwendo ukalowa momwemo. Munthu amatsata ziwalo zake, alamu. Mudzauka bwanji tsiku la chiweruzo, theka tsidya lino, theka tsidya lija?"

"Mulungu amene anawerenga mchenga sangasowe zala zitatu."

Anaseka, n'kundisisita phazi lowolalo ndi nsonga ya chibonga. Ndinaona nyenyezi. Zakeya anamulavulira ali pabedi lake, malovu anafika pa nsapato.

Tsopano ndamvetsa bwino. Akadula mawa, sikuti angonditengera mwendo. Andisamutsa pang'onopang'ono kubwerera kwa Nabawiya.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndikulemba ndi dzanja lomangidwa bandeji.

Anabwera m'mawa amuna awiri ndi bedi la matayala. Mahrous anali kumbuyo kwawo, maso ofiira. "Akukangotsuka bala, amayi."

Ndinadikira woyamba awerame. Ndodo inamupeza pakhutu. Wachiwiri anandigwira mkono, ndiye ndinazula dilipi ndi dzanja linalo. Magazi anathovokera pa shiti, pakhoma, pankhope pake. Ndinakuwa ndi mawu amene ndinkaimitsa nawo atsikana mazana asanu pabwalo la sukulu: "Ine Tafida ndili ndi nzeru zanga zonse! Sindinavomere! Akundibera mwendo!" Wodi yonse inadzuka. Zakeya ankamenya chitsulo cha bedi ndi mbale.

Dokotala wamkulu anabwera akuthamanga. Anandifunsa tsiku, ndinamuuza. Anandifunsa 100 kuchotsa 7, ndinamutsikira mpaka pa 2 osapuma. Anatembenukira kwa Mahrous.

"Bambo, mayi anu akudziwa chimene akukana. Sindidula munthu womangidwa."

Mahrous anamugwira pakhosi n'kumukankhira kukhoma. "Ndasaina ine! Udula! Mayi anga safa iwe uli ndi mpeni m'manja!" Windo lachiwiri linasweka ndi chigongono chake. Alonda atatu anamugwetsa pansi pakati pa mabedi n'kumuponda. Ndinawerenga mateche asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chiwiri lisanatere ndinagenda mlonda ndi botolo la dilipi. Womenya mwana ameneyo ndine ndekha.

Amutulutsa akumukoka. Dokotala wakana kumusumira.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kutentha: 39.3. Shuga sindinafunse. Ululu ngati galu akutafuna fupa mkati mwa mwendo. Mphepo ikulowera mawindo onse awiri.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Kwabwera dokotala wina, mayi wamfupi wa nsapato zakutha, dzina lake Salwa. Akuti ntchito yake ndi ya odwala amene matenda awo sachiritsika, kuti masiku otsala akhale opiririka. Anakoka mpando n'kukhala. Madokotala ena onse amandiyankhula ataimirira.

"Aphunzitsi, chikukusautsani kwambiri n'chiyani?"

Palibe amene anali atandifunsapo. Ndinamupatsa mwadongosolo. Choyamba, ululu. Chachiwiri, fungo. Chachitatu, kunamizidwa.

"Tiyambe ndi chachitatu. Mukufuna ndikuuzeni zonse?"

"Wandiuza kale wogulitsa nsomba. Ndikufuna kumva ngati anawonjezera."

Sanawonjezere. Dokotala Salwa anandifotokozeranso zonse, n'kundiuza kuti khomo la opaleshoni silinatsekedwe ndikasintha maganizo. Ndinafunsa milungu ingati. Anati mwina iwiri, mwina isanu, ndipo sangandinamize ndi nambala yeniyeni. Ndinamufunsa mmene zidzathere. Anati impso zikaima ndidzagona kwambiri, ndipo adzaonetsetsa kuti ndisafe ndikukuwa.

Zimene wasintha ndi izi. Wandimata kachigamba ka mankhwala opha ululu paphewa, kosintha masiku atatu aliwonse. Wati mofini wamba amaunjikana mwa munthu wa impso ngati zanga. Jakisoni wina ndizilandira asanakhudze bala. Lumo basi, sadzametanso. Azingothira ufa wopha fungo n'kumanga pouma. Mapiritsi anali asanu ndi anayi, atsala atatu. Insulini kamodzi patsiku, mayunitsi 12. Kubaya chala kamodzi, osati kanayi.

"Sitikuthamangitsanso nambala yokongola," anatero. "Shuga asatsike n'kukukomolani, asakwerenso mpaka kukuumitsani kukhosi. Pakati ponsepo ndi panu."

"Tiyi?"

"Imwani."

"Wa shuga?"

"Masupuni angati?"

"Atatu."

"Imwani, aphunzitsi."

Ndinatembenukira kukhoma. Sindinkafuna Zakeya aone.

Loweruka, 15 Febuluwale

Shuga: 290. Ululu, pa khumi: 4. Dzana unali 10. Ndagona. Fungo lachepa, Demiana wachotsa mpango pamphuno.

Tiyi sindinamwe. Ndili ndi chifukwa.

Alonda amulola Mahrous kulowa. Diso lamanzere ndi lotupa. Anakumana ndi Dokotala Salwa pakhomo n'kuyamba kufuula: "Ndani anakutumani kuwauza? Kwathu wodwala sauzidwa! Mwawapha ndi pakamwa!" Salwa sanasunthe. Anati, "Mayi anu anafunsa, bambo. Kakhaleni nawo, nthawi imene mukukalipira ine ndi yawo."

Anabwera n'kuima kumiyendo kwa bedi.

"Ndiye mukufuna ndizingoonerera mukuwola?"

"Ndikufuna undiperekeze."

"Mumandida, amayi."

"Bwera kuno."

Anawerama. Ndinamumenya mbama ndi mphamvu zonse zimene ndatsala nazo. Sizinali zambiri.

"Imeneyo ndi ya bodza. Tsopano mvera. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene unatenga munsi n'kuima pakati pa ine ndi bambo ako. Anakuthyola mkono. Pachitseko panali ndani?"

Anayang'ana kudenga ngati tsiku lija.

"Panali ndani, Mahrous?"

"Agogo."

"Ndiye iweyo, mwini mkono umenewo, unatsika masitepe katatu n'kukandiika pa mapazi awo."

"Ndi mwambo, amayi. Bambo aang'ono Fathi anati..."

"Fathi anakuyamwitsa? Iwe wakhala ukumenyana ndi shuga, ndi madokotala, ndi alendo, ndi mawindo. Wamenya aliyense kusiya oyenera kumenyedwa."

Anapuma ngati ng'ombe. Kenaka anamenya chitsulo cha bedi ndi chibakera, n'kutuluka.

Zakeya anati, "Aphunzitsi, ameneyo ndiye munamuphunzitsa chiyani?"

"Kuwerenga. Amachedwa, koma amafika."

Sindikudziwa ngati ndinanena zoona.

Lolemba, 17 Febuluwale

Shuga: 305. Mkodzo: kapu imodzi. Mahrous sanabwere.

Mchimwene wanga wa ku Akhmim watumiza mawu kuti chipinda chakonzedwa ndipo manda a mayi asesedwa. Dokotala Salwa wakonza zoti nesi azikafika kumeneko kudzasintha chigamba ndi bandeji. Koma wondinyamula ndi Mahrous. Mtembo umapita kumene mwana wamwamuna waulozetsa. Akakana, mawu anga onse athera pabedi pano.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Tulo tambiri. Nseru. Salwa wandipatsa mankhwala ake. Demiana wandipaka mafuta pamilomo ndi kumsana.

Zakeya akuti chidendene chasiya kubaya. Mwamuna wake anakauwongola. Demiana akuti ndi piritsi. Atukwanizana mpaka nkhomaliro.

Alendo: palibe. Mahrous sanabwere.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Wabwera masana. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe, chifukwa nkhope inali ya munthu wina. Mutu wometedwa mbali imodzi, wosokedwa. Ndinamuuza awerame. Masitichi 11. Dzino lakutsogolo palibe. Dzanja lamanja lili mu pulasitala.

"Ndani?"

"Bambo aang'ono ndi ana awo anayi. Anabisa kiyi wa manda. Ndinathyola chitseko ndi chitsulo cha matayala. Anandidikirira pamasitepe potuluka."

"Iwo ali bwanji?"

"Awiri ali m'munsimu, ku wodi ya amuna. Akuti ndisadzapondenso kumudzi. Akuti nanenso ndilibe malo m'manda a bambo."

"Ku Akhmim kuli chipinda cha amuna."

Anapisa dzanja lamanzere m'malaya n'kutulutsa thumba la pulasitiki la shuga, lopanda shuga. Analiika pachifuwa panga. Mkati munali tinsalu titatu tomanga ndi ulusi. Kamodzi kachita chikasu, tiwiri tikadali toyera pang'ono. N'topepuka ngati njere za kanjedza. Tinsaluto tinali ndi mchenga.

Zala zanga zitatu.

"Munali mdima," anatero Mahrous. "Ndinafufuza ndi manja. Ndinawagunda agogo."

"Unawapepesa?"

"Ayi."

Kenaka anatulutsa fulasiki. Ndi dzanja limodzi anathira tiyi wakuda m'kapu yagalasi, n'kusolola kapepala ka shuga m'thumba. Supuni yoyamba inatayikira pa shiti.

"Imeneyo sitiwerenga," ndinatero. "Yambanso."

Imodzi. Ziwiri. Pachitatu anaima, misozi ikutsikira pa masharubu. Ankafuna kutukwana, ndinaona pakamwa pake. Anathira, anatakasa, anandigwirira mutu.

Ndinamwa theka. Theka linalo Zakeya analanda.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Shuga sanayeze. Ndakana, Salwa wavomera.

Tikupita ku Akhmim ikatha swala, pemphero la masana. Mahrous wayala matiresi awiri m'galimoto ya mnzake. Salwa wamuphunzitsa kumata chigamba ndi kunyowetsa milomo yanga ndi thonje. Anamuuza abwereze kawiri, anabwereza osakalipa.

Zakeya wati, "Pitani, aphunzitsi. Mukandisungire malo apafupi ndi khomo, ndizimva nkhani."

Cholembera chikulemera. Tinsalu tija ndatimanga mu mpango, ndaika m'sokosi ya phazi lamanzere. Ndamuuza Mahrous kuti wodzandisambitsa asadzatichotse.

Ndawerenga tisananyamuke. Zisanu kumanja. Ziwiri kumanzere, zakuda koma zanga. Zitatu mu mpango.

Khumi.